Chilembo Chimene Kasingano Sanatseke

Mwana wa mlongo wanga anabadwa atafumbata dzanja lamanja, ndipo anamwino atamufumbatula anapezamo ulusi. Amene amatsutsa nkhani imeneyi ndi mlongo wanga yekha, koma iyeyo tsiku limenelo anali wotanganidwa kwambiri, sanaonetsetse. Ine ndinali pabenchi panja, ndipo ndinamva zonse kudzera pakhoma.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi mwanayo anapeza thalauza langa lopitira kutchalitchi lili pampando, n'kusoka miyendo yonse iwiri kumapazi. Ine osadziwa ndinalowetsa mwendo mwachangu, mwendo unakana kutulukira, ndipo kugwa kumene ndinagwa kunagwetsa mbale m'makabati a nyumba zitatu zoyandikana nafe. Amuna anayi amphamvu zawo analimbana ndi msoko umenewo mpaka dzuwa kupendeka, osauphwasula. Kuyambira tsikulo ndinamutcha Kasingano. Lero ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, imvi zayamba kusuzumira m'mbali mwa mpango wake, koma kwa ine akadali Kasingano yemweyo.

Ndi telala. Kachipinda kake kali kuseri kwa sitolo ya nsapato. Umalowa pakanjira kopapatiza, kudutsa mpopi wodontha, n'kupeza chitseko chobiriwira chimene chimalira ngati mwana wa mbuzi. M'katimo muli makina akuda opondera ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu lomwe m'mphepete mwake munasalala ndi zigongono, simbi, mabotolo atatu a mabatani, ndi ulusi wamitundumitundu wokolekedwa pamisomali kuyambira pansi mpaka kudenga. Zenera ndi limodzi. Ikakwana 3 koloko masana dzuwa limalowera pamenepo ngati mlendo wozolowera pakhomo, ndipo tiubweya ta nsalu timayandama m'kuwalako, kukwera, kutsika, osafulumira kupita kulikonse. Ukakhala pakampando ka makasitomala nthawi imeneyo umaiwala chimene unabwerera. Bambo wina anabwera kudzaikitsa zipi, anatuluka patatha masabata awiri ali ndi ndevu.

Madiresi amasoka, masuti amasoka, koma chimene anadziwika nacho ndi kupeta maluwa ndi zilembo pansalu ndi singano ya pamanja. Duwa lina analipeta pachifuwa cha diresi la mkwatibwi, njuchi zinaperekeza ukwatiwo mpaka ku holo. Nsalu zonse za m'tchalitchi chathu, ya paguwa, ya patebulo la mgonero, ngakhale mayunifomu a kwaya, zinadutsa m'manja mwake.

Mwamuna wake ankayendetsa basi. Anadwala chaka chathunthu n'kutisiya. Lamulungu lotsatira maliro Kasingano anali pamalo pake, benchi lachitatu mbali ya mawindo, akuimba misozi ili chuchuchu. Anthu ankati chikhulupiriro chake ndi cha chitsulo. Ine ndinkawauza kuti akumuchepetsa, chitsulo chimachita dzimbiri.

Chaka chatha maso ake anayamba zachilendo. Anandiuza kuti zinayamba ngati nkhungu ya m'mawa yoima m'mphepete mwa chilichonse. Akayang'ana singano ankaiona, koma makoma a chipinda ankasungunuka. Munthu wolowa pakhomo ankafika mawu okha, thupi n'kubwera pambuyo. Mwezi ndi mwezi nkhunguyo inkasendera pakati, mwakachetechete, mopanda ukali, ngati anthu osendera pabenchi.

Tinapita kwa dokotala wa maso. Anamuunika, anamuwerengetsa zilembo za pakhoma, kenaka anavula magalasi ake iye mwini n'kuwaika patebulo. Pomwepo ndinadziwa kuti nkhani yavuta. Anati si ng'ala, ng'ala amachotsa. Anati mitsempha ya kuseri kwa diso ikufota, ndipo mankhwala odonthezera angachedwetse nkhunguyo koma sangaibweze.

Mpingo unapemphera. Abusa anamudzoza mafuta monga Malemba anenera, amayi a mumpingo anasala kudya masiku atatu, ine ndinasala kuyambira m'mawa mpaka 10 koloko ya m'mawa womwewo, chinthu chimene sindinachitirepo munthu wina aliyense. Inatha miyezi itatu. Nkhungu inangosenderabe.

Ndiye Lamulungu lina pabenchi lachitatu panali mpata. Lotsatira chimodzimodzi. Masabata atakwana asanu ndi atatu ndinatuluka mapemphero ali mkati n'kupita kukamufuna. Ndinamupeza m'kachipinda kake, makina atavundikiridwa, manja ali pamiyendo, nkhope italoza kuzenera.

"Kasingano, benchi lako lamera udzu. Lero ndasiya mbuzi ikudyapo."

"Isiyeni idye, malume."

"Wakwiyira ndani? Abusa? Kwaya? Ngati ndi kwaya ndikumvetsa."

"Sindinakwiye." Anapukuta tebulo ndi dzanja, pamalo popanda fumbi. "Amuna anga atamwalira ndinkalira, koma ndikapemphera ndinkadziwa kuti alipo amene akumva. Pano ndikagwada zimakhala ngati ndikulankhula m'kabati ya zovala. Mawu amangomira m'nsalu. Ndiye ndikakhale paja n'kumaimba kuti ndikukhulupirira, pamene sindikudziwa ngati ndikukhulupirira? Ndinamize ndani?"

Ine ndili ndi yankho la chilichonse. Ndinatsutsanapo ndi wailesi mpaka inazima yokha ndi manyazi. Koma tsiku limenelo ndinangokhala pansi pakampando ka makasitomala. Ndinaona kuti mwana wa mlongo wanga akutaya chinthu chachikulu kuposa maso, ndipo madokotala a chinthu chimenecho sindinkadziwa kumene amakhala.

Lachiwiri lotsatira abusa anabwera ndi phukusi. Abusa athu ndi munthu wamfupi, wofatsa, woyenda ngati akuopa kudzutsa nyerere. Anatambasula nsalu yofiirira, yolemera, ndi ulusi wagolide. Tchalitchi chinkapakidwa penti, ndipo komiti inagwirizana kuti tsiku lomaliza ntchitoyo paguwa padzakhale nsalu yatsopano yolembedwa kuti NYUMBA YA OKHULUPIRIRA.

"Abusa, perekani kwa wina. Ine maso anatha."

"Zala zinathanso, mayi?"

"Ndipo kutchalitchi sindikubwera."

"Ndaona. Sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kwa telala." Anasiya phukusi patebulo, anatsanzika, n'kutuluka mofatsa moti ngakhale chitseko sichinalire.

Nsaluyo inagona patebulo masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinamupeza akuisisita ndi kuseri kwa dzanja.

"Nsalu yabwino sayisiya yopindika, imathyoka mizere," anatero, ngati akudandaulira khoma. "Malume, muli ndi ntchito masana ano?"

"Ndili ndi msonkhano ndi pilo."

"Uimitseni. Mukhala maso anga."

Tinkagwira chonchi. Ine ndinkalemba zilembo ndi choko. Iye ankabaya timapini motsata mzere, nkhope ili pafupi ndi nsalu mpaka mphuno inkayera ndi chokoyo. Akatha ankawongoka, kutsinzina, n'kumatsata mapiniwo ndi chala cha kumanzere, singano ikubwera pambuyo ngati mwana wotsata mayi ake. Ntchito yanga ina inali kulowetsa ulusi pasingano. Maso anganso ndi akale, ndipo bowo la singano linkandithawa. Tsiku lina ndinalithamangitsa mpaka pampopi.

Wailesi yake inali itafa, ndiye anati ndizimuwerengera kanthu kuti chete asatimeze. M'chipindamo munali mabuku awiri okha, la masitayilo a madiresi ndi la Malemba, limene linali pansi pa botolo la mabatani. La madiresi tinalimaliza tsiku limodzi chifukwa ndi zithunzi zokhazokha.

"Werengani linalo," anatero. "Koma musandilalikire."

Masana amenewo sindikudziwa kuti analipo angati. Anasakanikirana onse n'kukhala masana amodzi aatali. Dzuwa linkalowa, tiubweya n'kuyamba kuyandama, ulusi wagolide ukumira m'nsalu n'kuvuukira patsogolo pang'ono, kumira, kuvuuka. Kusitolo ya nsapato kunkamveka mawu a anthu ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Mpopi unkadontha. Zilembo zinkadzuka chimodzichimodzi, N, Y, U, ngati anthu odzuka kutulo mosafuna. Nthawi zina ndinkasinza pakati pa vesi n'kulota zilembozo zatsika pansalu, zikuyenda pakhoma zitagwirana manja, M akutsimphina pambuyo chifukwa cha miyendo yambiri. Ndikadzidzimuka ndinkapeza Kasingano akumaliza vesilo yekha, chapansipansi, ngati sakudziwa kuti milomo yake ikugwedera.

Ndinamuwerengera za munthu uja amene anataya zonse n'kukhala paphulusa, anzake atatu akumutopetsa ndi nzeru. Anati anzakewo ayenera kuti anali amalume ake. Ndinamuwerengera za akaidi amene ankaimba ali m'maunyolo. Anati mwina anali ndi mawu abwino. Kenaka tinafika pa anyamata atatu amene mfumu inawaopseza kuti akakana kugwadira fano iwaponya m'ng'anjo.

"Ng'anjoyo inatentha moti nsomba za mumtsinje wa dziko loyandikana nalo zinapsa zili m'madzi."

"Malume, werengani zimene zalembedwa."

"Zimenezi anangoiwala kulemba."

"Werengani."

Ndinawerenga yankho la anyamatawo, loti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa, koma ngakhale atapanda kuwapulumutsa, fanolo iwo saligwadira. Singano inaima m'malere.

"Bwerezani pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti ananena zimenezo asanadziwe mathero ake?"

"Asanadziwe. Moto uli lawilawi pamaso pawo."

"Mantha analibe?"

"Sizinalembedwe. Koma ndikanakhala ine, thalauza likanafuna wochapa."

Sanaseke. Anangoti, "Hmm," singano n'kupitiriza ulendo wake.

Sabata yachitatu tinafika kumapeto kwa mawu. Panatsala zilembo ziwiri, R ndi A. Anapeta mzere woimirira wa R. Anapeta mwendo wotsikira kumanja. Anayamba kukwera kuchokera pamimba, ndipo atafika pamene ulusi umayenera kupinda n'kutseka mutu, anaima. Anakhala choncho mpaka dzuwa linachoka patebulo n'kukwera khoma. Kenaka anadula ulusi, anazula mapini otsala, n'kupita pa A. Anamumaliza bwinobwino.

"Kasingano, R uyu wamusiya wopanda chipewa. Adwala chimfine."

"Ndikudziwa."

"Tseka mutu. Ndi kautali ka chikhadabo basi."

"Dzanja likukana, malume. Pakamwa ndinanamapo. Ndinauzapo mayi wina kuti diresi lamuchepetsa thupi. Koma ndi singano sindinanamepo. Ndikatseka pamenepa ndalemba kuti okhulupirira, ndipo woyamba kutsala kunja kwa nyumbayo ndine."

Ndinanyamula nsaluyo n'kuitambasula kuzenera. Chilembo chopanda mutucho sichinali R wolumala ayi. Chinali K wathunthu, woima chilili, dzanja lili m'mwamba. NYUMBA YA OKHULUPIRIKA.

Ndinaseka mpaka mabatani anagwedera m'mabotolo.

"Wathawa bodza laling'ono n'kugwera m'lalikulu! Wokhulupirika ndani? Iwe amene wajomba masabata khumi ndi limodzi? Ine amene ndimagona ulaliki usanafike pamfundo yachiwiri?"

Anapapasa chilembocho nthawi yaitali. "Mukaipereke ndinu," anatero. "Mukawauze kuti telala wachita khungu, apeze wina atseke."

"Ine? Bondo langali dokotala analiletsa kunyamula nsalu zofiirira."

"Malume!"

"Ndipo kuyambira liti katundu wako akuperekedwa ndi munthu wina? Kasitomala akadandaula ayankhe ndani?"

Pamenepo ndinamugwira. Zaka makumi atatu akusoka, sanatumizepo chovala kudzera mwa munthu. Amapita nacho yekha, kukachiveka, kuchikoka apa, kuchiwongola apo, mpaka chikhale. Ndipo penti inali itauma, guwa linkadikira Lamulungu lomwelo.

Tinanyamuka m'mamawa, iye atakumbatira phukusi, dzanja lina litagwira chigongono changa. Masitolo anali otseka. Ndinamufunsa kuti akuona chiyani, ndipo anandiuza mosadandaula, ngati akufotokoza maloto a munthu wina. Anati msewu wonse uli ngati nsalu yoyera imene telala sanailembebe ndi choko. Magalimoto ankadutsa ngati nsomba zikuluzikulu m'madzi a sopo. Pakati penipeni pa kuyerako panali kabowo kowala, kakang'ono ngati batani la malaya, ndipo m'kabowomo munkalowa zinthu chimodzichimodzi: nsapato ya munthu, gudumu la njinga, njiwa. Belu litalira anaima.

"Ndikangopereka ndibwerera," anatero. Anabwereza mawu amenewa pamphambano, n'kubwerezanso pageti.

M'tchalitchi munkanunkha penti. Anthu anali asanalowe, munali abusa ndi aphunzitsi basi. Aphunzitsiwa ndi mkulu wa mpingo, anapuma ntchito kalekale koma cholembera chofiira sanapume nacho, chimakhala m'thumba la jekete. Anachongapo kalata ya ukwati wawo womwe n'kuipatsa 4 pa 10. Awiriwo anapachika nsalu, Kasingano n'kuiwongola m'makona ndi manja, kukoka apa, kusalaza apo. Golide ankanyezimira ngati wanyowa.

Aphunzitsi anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kuwerenga chala chili m'mwamba.

"Mayi telala, apa pali vuto la sipelo. Komiti inalemba kuti okhulupirira. Ra! Apa pali ka."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Nanga tipachika bwanji zimenezi paguwa? Okhulupirika ndani muno? Kwaya imafika mochedwa. Komiti yomwe timangokangana. Amalume anuwa ndiye..."

"Ine musandiyambe," ndinatero. "Ndimapemphera nditatsinzina, anthu ansanje n'kumati ndagona."

Kasingano anali asanachotse dzanja pansalu. Chala chake chinkayenda pachilembo chija, kukwera, kukafika pamene ulusi unathera, kubwerera. Atalankhula, analankhula motsitsa, ngati munthu wolankhula ali kutulo.

"Sindinalembe za ife, aphunzitsi. Nyumba ino ndi yathu ngati? Eni ake alipo. Ndipo akuluakulu sitinena kuti wokhulupirika, ngati tikunena mwana mnzathu. Timati Okhulupirika."

 Aphunzitsi anawerenganso mawuwo kuyambira pa N. Kenaka anabweza cholembera m'thumba chisanalembe kanthu, chinthu chimene sichinachitikepo chilengedwere dziko.

"Galamala yake ndi yolondola," anatero. "Ndi ulemu umenewo."

Abusa anati Malemba amaterodi, kuti ife tikafooka Iye safooka nafe limodzi, chifukwa sangadzikane yekha. Sanawonjezere ulaliki. Anangoti, "Isiyeni momwemo, mayi."

Anthu anayamba kulowa. Ndinapereka chigongono.

"Tiye. Wapereka katundu. Unati ubwerera."

Sanachigwire. Anayenda chopapasa mabenchi, n'kukhala pansi, chikwama pamiyendo. Ine ndinakhala pambali pake.

"Mawu aja unawakonza liti?" ndinanong'ona.

"Sindinawakonze. Ndawamva limodzi ndi inu."

Tsiku limenelo sanaimbe. Anangokhala, nkhope italoza kuguwa kumene sankakuona, nyimbo zikumudutsa mbali zonse ngati madzi odutsa mwala. Pemphero lomaliza litatha ndinamva ameni wake, wamng'ono, wochedwa, wobwera yekha ena onse atamaliza.

Musayembekezere kuti ndinena kuti maso anatseguka. Ndine wokokomeza, koma pamenepa ayi. Kabowo kowala kaja kacheperachepera, ndipo dokotala akuti chaka chamawa mwina katsekeka. Makina amawapondabe pamisoko yowongoka, mipendero amapinda ndi zala, mabatani amawadziwa powagwira. Kupeta anasiya, nsalu ya paguwa ndiyo inali yomaliza. Masiku ena ndimamupeza akulira patebulo lodulira, ndipo ndimakhala pakampando mpaka atatonthola.

Koma chiyambire tsiku lija sanajombepo. Lamulungu lina amaimba mpaka kwaya kuchita nsanje, lina amangokhala duu. Sabata yatha tikubwerera ndinamufunsa mosazungulira.

"Kasingano, ndiuze zoona. Tsopano ukukhulupirira?"



"Masiku ena kwambiri. Masiku ena ndimafufuza mumtima osapeza kanthu. Zimenezo sindizilamula ine, malume. Koma miyendo ndi yanga, ndipo Eni nyumba sanasamuke. Ndizipita basi."

"Ngakhale kabowoko katatsekeka?"

"Ngakhale katatsekeka. Chigongono chanu chilipo." Anachifinya mpaka ndinamva fupa likupepesa. "Lamulungu mufike 8 koloko. Ya pawotchi, osati yanu ija."